Ndinagubuduka pa Mchenga wa Azungu

Uthenga unandipeza ndikusenda mbatata pakhonde ku komboni ya Kabushi: mwana wanga Fabiano, amene anamuchotsa ntchito migodi itagulitsidwa, amuitananso! Mpeni uko, mbatata uko, nthungululu kumveka mpaka ku komboni ya Twapia, lululu! Ndikanalekera pomwepo, bwenzi khungu langali lili losalala.

Koma ndinali nditalumbira. Kuseri kwa Kitwe kuli damu, ndipo m'mbali mwake muli mchenga woyera umene azungu a mgodi anabweretsa pa malole kuti azidzinamiza kuti ali kunyanja. Woutsitsa ndi fosholo anali malemu amuna anga, koma kukhalapo ayi, munthu wakuda ankathera pa waya. Ndiye ndinawauza Amayi Maria m'pemphero: mwanayu akabwerera pa ntchito, ndikagubuduka pamchenga umenewo, monga timathokozera kwathu ku Katete.

Mboni yanga inali asewele, amake a mkazi wa Fabiano, Bana Chanda (Mbemba, pakamwa ngati lumo; ife ndi Abemba timanyozana mwachibale). Minibasi inatisiya pamsewu. Njira yafa, udzu mpaka m'khosi, geti lagona chagada, nyumba ya mabwato malata anasamuka kalekale. Mchenga uja? Watsala kachigamba ngati mphasa, ziyangoyango zauzinga.

"Awe mwandini, nyanja yake ndi imeneyi?" anatero Bana Chanda. "Mwaiona, tiyeni."

"Lumbiro salipira ndi maso, asewele."

Ndinamanga chitenje, ndinagona, ndinayamba nyimbo. Gubudu kumanja, aleluya! Gubudu kumanzere, aleluya! Kenaka chimwemwe chinandikankha, thupi n'lolemera (sindibisa), ndinapitirira mpaka m'ziyangoyango muja.

Chitedze, abale. Chitedze chouma cha m'chilimwe!

Ndinadzambatuka ngati mtsikana. Kukanda kumsana, kwayabwa m'khwapa, kukanda m'khwapa, kwayabwa kumene sindingalembe. Ndinathamangira m'madzi, phava! Matope anameza patapata wanga, kuyabwa n'kuwonjezeka.

"Vinani, odya mbewa inu, vinani!" Asewele misozi mbwee ndi phwete.

"Bwerani mundipukute, odya anyani inu!"

Anandipukutadi ndi mpango wawo, n'kuuvalanso kumutu. Tisanafike pamsewu nawonso anayamba kuvina. Kondakitala anatiyang'ana n'kuti, "Bamayo, nonse awiri mpando wakumbuyo, ndipo musakhudze munthu."

Kunyumba tinapeza anthu adzaza. Ataona mapewa anga akugwedezeka, anati agogo abwera ndi chitelele, wina n'kuyamba kuimba chidebe. Ndinakuwa kuti musandikumbatire, koma ndani amamva pa chisangalalo? Lumbiro lina ndikadzachita, ndidzayamba ndasesa malo.

Anandikumbatira onse, ndipo onse anapita akukanda: Amayi Tembo a kwaya, Bana Mwila ogulitsa makala, a Zulu akatekisiti, Agness ndi mapasa ake, a Sakala opanda mano, Fabiano mwini ntchito, ngakhale Veronika amene sitilankhulana.