Mitengo Yoima Pamzere

Mukadzapita kwathu ku Chiputo, kumtunda kwa kasupe wa m'phiri mudzaona mikuyu ndi milombwa itaima pamzere ngati asilikali odikira shefi wawo. Musadzafunse amene adaidzala. Mukadzafunsa anthu adzakunamizani, ndipo ine ndidzawathandiza bodzalo. Koma poti mano atha m'kamwa ndipo manyazi nawo akutha, lekani ndikuuzeni inu nokha.

Idali nthawi ya nkhondo ya ufulu. Mudzi wathu udakana kukalowa mu aludeyamentu, midzi ya mpanda wa waya ija Apwitikizi ankaunjikamo anthu, ndiye tidathawira kuphiri n'kumanga timisasa pansi pa mitengo. Chimene chidatikhazika pamalopo ndi kasupe mmodzi yekhayo, wapafupi moti mayi ankasiya mphika pamoto, kukatunga, n'kubwera ndiwo zisanapserere. Ine ndidali mkamwini wa miyezi inayi. (Amene adakhalapo pachikamwini akudziwa: ungalime bwanji, apongozi amaona udzu wokhawo umene wasiya.)

Tsono moto wa chilimwe chapitacho udali utapsereza mtunda wonse wa pamwamba pa kasupe, ndipo madzi adayamba kuchepa. Ankhondo athu adatitumizira mayi wina, Kamarada Rozariya, wamfupi, wosaseka, amene ankayenda m'misasa kuphunzitsa anthu kusamala akasupe. Adapempha odzipereka. Ine dzanja m'mwamba ndisanamve n'komwe kuti ntchito yake ndi yotani, chifukwa apongozi anga aakazi, Anaphiri, adakhala chapambali akuyang'ana.

Maphunziro adali a masiku awiri. Tsiku loyamba adationetsa kudula nthambi za mkuyu ndi mlombwa zonenepa ngati mkono n'kuzizika pansi kuti ziphuke. Adationetsanso ndodo yosema timizere yoimika m'kasupe, kuti Lamulungu lililonse tizikaona ngati madzi akwera kapena atsika. Zonsezo ndidazimva bwino.

Tsiku lachiwiri sindidapite. Ndidati, kodi munthu amene wakulira m'munda wa thonje la Mzungu angaphunzitsidwenso kudzala? Kumeneko kapatazi, kapitawo wa mundawo, ankabwera ndi chingwe cha mfundo, mzere ukakhota pang'ono, ankatimenya ndi thabwa la mbalamatodya m'zikhatho mpaka kutupa. Mzere wowongoka udandilowa kudzera m'manja. Ndiye m'malo mwa maphunziro ndidakafula uchi wa apongozi. Ndidadzamva pambuyo pake, zinthu zitaipa kale, kuti tsiku lonse lachiwirilo Kamarada adangobwereza chinthu chimodzi: dzalani mobalalika, musapalire, musasese, kuti munthu wa m'ndege akayang'ana pansi aziona tchire basi. Paja amati ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo.

Aliyense adapatsidwa chigawo chake. Anzanga adatenga makwawa a kumunsi, ine adandipatsa pamtetete penipeni kuseri kwa thanthwe, pamene panalibe ngakhale chitsamba chobisala gwape. Kamarada adanyamuka kupita kumisasa ya cha ku Malowera, nati abweranso.

Ndidapota chingwe cha luzi, ndidamangamo mfundo, ndidakhoma zikhomo. Mizere khumi ndi iwiri, yowongoka moti kapatazi uja akadaiona akadalira. Nditazika nthambi ndidaona kuti udzu wophukira ukundiipitsira ntchito, ndiye ndidapalira mpaka dothi lofiira kuonekera mbee. Kenako ndidaumba kabeseni kuzungulira mtengo uliwonse kuti madzi a mvula azikhazikika. Patapita masiku ndidapeza chiswe chayamba kunyambita nthambi ziwiri. Iii, ntchito yanga! Ndidayenda msasa ndi msasa kupempha phulusa, ndidasefa kuti makala atsale, n'kuthira loyera lokhalokha mozungulira mtengo uliwonse. (Amayi ankandipatsa mokondwa. Iwo kumaphunziro kuja sadapiteko, monganso ine.)

Tsiku lina apongozi adakwera okha kudzaona, mkazi wanga ali pambuyo. Monga mwa mwambo, sadandiyang'ane kumaso. Adayang'ana mizereyo nthawi yaitali, kenako adatembenukira mwana wawo.

"Uwauze amuna akowo kuti manja ali nawo."

Abale, tsiku limenelo ndidayenda ngati tambala. M'miyezi yonse ija ndidali ndisanamvepo mawu otero.

Patatha masabata atatu Kamarada Rozariya adabwera. Adayamba kuyendera makwawa a anzanga. Ine pambuyo pake ndikuseka chamumtima, poti kumeneko sumadziwa n'komwe kuti padzalidwa kanthu. Titafika kwanga adakwera pathanthwe n'kuima chilili. Ndidadikira kuyamikiridwa.

"Kamarada, tsiku lachiwiri mudali kuti?"

"M'mimba mudandivuta, Kamarada." (Silidali bodza lenileni. Uchi uja ndidaulawa kwambiri.)

"Takwerani pano."

Ndidakwera. Kuchokera pamwambapo ndidaona chimene ndidali ndisanachione ndili pansi: mabwalo oyera ataima pamzere pa dothi lofiira, ngati bawo lalikulu loyalidwa pakati pa tchire.

"Kodi nyani amadzala chonchi?" adafunsa, mawu ali pansipansi. "Nanga nguluwe imasefa phulusa?"

"Iyayi, Kamarada."

"Mukadangowalembera kalata Apwitikizi kuti tili pano, mukadapulumutsa thukuta lanu."

Adatsika pathanthwepo. Adaitanitsa msasa wonse kuti tizule udzu kwina tikaphimbe. Tidathamanga, amuna ndi akazi, mitolo pamutu. Tidali titaphimba mizere iwiri yokha pamene tidamva kulira kwa kandege kaja kozonda, kamene sikaponya bomba koma kamangoyang'ana. Masiku onse kankadutsa kutali n'kupitirira. Tsiku limenelo kadapitirira pang'ono, kenako kadakhota. Aliyense adalowa kumene adalowa. Ine mantha adandigwetsa pomwepo, chafufumimba, nkhope m'phulusa langa lomwe. Kadazungulira katatu. Ndidawerenga.

Masana omwewo akuluakulu adagamula kuti tisamuke. Palibe adandikalipira, ndipo ndikadakonda akadandikalipira. Tidanyamula zonyamulika. Mtondo wa apongozi, umene mayi awo adawasiyira, udalemera ndipo udatsala. Patapita masiku atatu asilikali adafika, adapeza misasa yopanda anthu n'kuitentha, pamodzi ndi mtondowo. Palibe adafa, ndipo chimenecho ndimathokoza mpaka lero. Koma kasupe wathu tidamutaya.

Kumene tidakakhala madzi adali kutali: kunyamuka m'mawa, kubwera dzuwa lili paliwombo. Pamsonkhano adagwirizana kuti amene watalikitsa madzi ndiye aziwatungira okalamba. Ndiye ine, mwamuna wandevu, nkhata pamutu, mtsuko pamwamba, pakati pa amayi. Adandipatsa dzina lakuti Kapatazi. Tsiku loyamba ndidafika theka la madzi lili m'malaya. Apongozi adasuzumira mumtsukomo n'kuitana mwana wawo.

"Uwauze amuna akowo aziyenda mowongoka. Mizere amaidziwa."

Ndidatunga zaka ziwiri. Khosi langali likauma nthawi yozizira, musamati ndi ukalamba.

Nkhondo itatha tidabwerera. Chimene ndidakapeza chidandikwiyitsa kuposa zonse. Mitengo ya anzanga ija, yodzalidwa mwanzeru, ina idadyedwa ndi chiswe, ina idapsa ndi moto wa udzu. Yanga idaphuka pafupifupi yonse, yobiriwira, yoima pamzere osachita manyazi. Kasupe adadzaza mpaka kumiza ndodo ija ya timizere, ndipo sadaphwenso. Ndidaganiza zoti ndikambe zimenezi pagulu. Mkazi wanga adangondiyang'ana, ndidaleka.

Patapita zaka, adabwera wa zamalimidwe wa ku boma ndi gulu la anthu amene ankawaphunzitsa kusamala akasupe. Adayenda m'mizeremo akugwedeza mutu mogoma, nawauza ophunzira ake kuti ntchito yaukhondo ndi imeneyi. Apongozi, atakalamba kale, adali pakasupepo akutsuka nyemba. Adawafunsa mwaulemu.

"Amayi, kodi adadzala mitengoyi ndani?"

Ndidaima pambali pawo pomwepo, nditakonza kale kolala ya malaya. Apongozi sadadzutse n'komwe mutu.

"Apwitikizi," adatero.

Munthu uja adagwedeza mutu, nati adaganiza choncho. Ine sindidatsutse. Ndidangopisa dzanja m'thumba kukankhira mkati chingwe changa cha mfundo, poti ndidali paulendo wokadzala chimanga.