Ba Wilbroad, Lole ndi Ngolo

Ku Kabwata konse kunalibe munthu wosadziwa matenda a Ba Wilbroad: bamboyo sankatha kuona katundu osafunsa kuti, "Uyu ni wa lole olo wa ngolo?" Mulu wa njerwa, thanki ya madzi, firiji ya eni ake, zonse ankaziyeza ndi maso. Ngakhale ulaliki. Abusa akatalikitsa, ankanong'oneza akazi awo, Ba Virginia, kuti, "Wa lelo ngolo siingakwanitse."

Tsoka lake, funsolo eni ake analibe yankho lake. Atapuma ntchito yoyendetsa mabasi a ku Intercity, anagula ngolo, ija ena amati thilela, n'kuikoleka kumbuyo kwa kagalimoto kawo kakale.

"Ngolo siimwa mafuta, amake Pearl. Ukaimasula igona chabe monga galu."

Sipanapite nthawi, kagalimoto kaja kanatsokomola pachitunda katakoka simenti, n'kuyamba kubwerera chambuyo. Ngolo inagulitsidwa, penshoni inagwedezedwa, pabwalo panaima lole.

"Mwamuna afunika lole!"

Loleyo inakagwetsa chipilala cha geti kwa mayi wina ku Woodlands, ngolo inabwerera. Ba Virginia anasiya kufunsa. M'mawa ankangosuzumira pawindo kuti aone ngati lero akwatiwa ndi wa lole kapena wa ngolo. Amuna awowo tiyi ankamwa chiimire, makiyi ali ngwerengwere m'manja, ndipo mpando wawo wa pabalaza unakalamba usanakhalidwe.

Nkhani imene anthu amasekabe nayo ndi ya tsiku loperekeza katundu wa mwana wawo Pearl ku Chelstone, kumene anakwatiwa. Mapoto, mbale, chitofu ndi wadilopu yaikulu ngati kanyumba, zonse zinakwezedwa m'ngolo m'mawa. Ba Wilbroad anazungulira, anamenya tayala ndi phazi.

"Ayi. Wadilopu iyi ni ya lole."

Anaitana mnzawo Ba Besa, mwini lole, katundu n'kusamutsidwa. Anazunguliranso.

"Mu lole mbale zizaphwanyika, igwedeza maningi. Bwezelani!"

Dzuwa linafika pamutu, linapendeka, katundu akungokwezedwa ndi kutsitsidwa. Foni ya Ba Virginia inkangolira, asebele awo, makolo a mkamwini, akufunsa ngati alendo asochera. Mtima unawawawa poganiza kuti mwana wawo yekhayo ayamba banja anthu akumuseka kuti kwawo sanamupatse ngakhale supuni.

"Atate ake Pearl," anatero Ba Virginia mano ali okuluma, "mukakhudzanso poto imodzi, muzagona m'ngolo momwemo."

Ba Wilbroad analumphira m'galimoto, ulendo unayambika. Ba Virginia anakhala kutsogolo, nkhope ili gwa, maso pamsewu. Koma amuna awo anali pachisangalalo.

"Waona? Waona mwamene ikokela bwino? Sinikumva na kulema konse! Besa na lole yake angachite so?"

Anatamanda ngoloyo njira yonse. Atafika ku Chelstone, amayi a kuchimuna anatuluka ndi nthungululu, ena akuyala zitenje pansi. Nthungululuzo zinazima imodzi imodzi. Ba Wilbroad anatsika monyadira, anatambasula dzanja kuloza kumbuyo, n'kupeza akuloza fumbi. Ngolo inali itatsala pageti ku Kabwata. M'chipwirikiti chija palibe anaikoleka.

Mayi wa mkamwini anayang'ana m'galimoto, n'kufunsa mwaulemu, "Ba sebele, katundu uli m'thumba?"

Ba Virginia ankafuna nthaka iwameze. Koma asanapeze chonena, hutala inalira, Ba Besa anatulukira pakona, lole yawo ikukoka ngolo ija, wadilopu ili njo ngati bishopu. Anthu anaseka mpaka kugwirana, Pearl akulira ndi kuseka nthawi imodzi. Ba Wilbroad okha ndi amene sanaseke. Anayang'ana lole, anayang'ana ngolo, maso akuwala.

"Amake Pearl... zonse ziwili pamodzi!"

"Mukayesa, nibwelela kwathu ku Katete," anayankha Ba Virginia.

Komabe munthuyo, ndi phokoso lake lonselo, sankadikira kuitanidwa. Maliro akagwa, nkhuni ndi mipando zinkafika achibale asanamalize kuimbirana mafoni. Chaka china madzi atalowa m'nyumba za anthu ku Chunga, anatha masiku akusamutsa mabanja amene sankawadziwa n'komwe, akukangana nawo za kamangidwe ka zingwe, n'kubwerera kunyumba matope mpaka m'makutu.

Mtima utayamba kuwavuta, dokotala anawaletsa chiwongolero. Anakhala pageti ngati mbuzi yomangidwa, akukuwira lole iliyonse yodutsa kuti yapakira molakwika. Tsiku limene anawatengera kuchipatala, atagonekedwa pabedi la matayala, anakweza mutu n'kufunsa namwino, "Mabuleki yagwila aya?" Namwino anaseka. Ba Virginia anatembenukira kukhoma. Sabata isanathe, Ba Wilbroad anatisiya.

Masiku ano ku Kabwata katundu amasamuka mwakachetechete. Umaimba foni, pamabwera munthu wosamudziwa, amanyamula, amapita, osakuuza n'komwe kuti sofa yako ndi yonyansa.

Mwezi wathawu, Ba Mwango, mayi wa mumsewu womwewo amene anakhalitsa kwa ana awo ku Kitwe, anafika pageti akukankha makina osokera pawilibala, thukuta lili kamukamu.

"Odi! Ba Wilbroad baliko? Nifuna banipelekeze ku Northmead. Koma mubauze, lelo sinifuna makani!"

Ba Virginia anatuluka, anawayang'ana, n'kuwauza za imfa ya amuna awo. Ba Mwango anatula wilibala pang'onopang'ono, anakhala pansi pomwepo. Ba Virginia analowa m'nyumba, anabwera ndi tiyi, nawonso anakhala pambali pawo. Anamwa tiyi wawo mpaka makapu anazizira m'manja. Palibe anawafulumizitsa.