Miyendo Yanga Inatchuka Kawiri

Anzanga, mumandiseka kuti ndikaona mgolo ndimalambalala ngati muli njoka. Lero ndikuuzeni chifukwa chake, museke kamodzi zithe.

Ku Bulawayo kuno tinabwera wapansi anyamata atatu: ine Zakeyu, Jailosi wa kwathu ku Ntcheu, ndi Che Asani amene tinakumana naye panjira cha ku Tete. Tinalumbira kuti tikhala zaka ziwiri basi, aliyense agule njinga ndi jekete, tibwerere kwathu. Chaka chachiwiricho kunabwera mzungu wina wa bokosi la miyendo itatu lopukusa ndi dzanja, ife tinangomutcha Mapukusa. Ankafuna anyamata atatu oti asewere m'bayisikopo, kanema uja. Che Asani anakhala mwini sitolo, Jailosi wapolisi wa pa njinga, ine wakuba. Ntchito yanga inali kuba buledi, kuthawa, n'kudziponya chamutu mu mgolo, miyendo m'mwamba ikupalasa mphepo. Nkhope yanga sinaoneke ngakhale pang'ono poti ankandijambula chakumbuyo. Mzungu uja ananyamula bokosi lake n'kupita, ndipo kanemayo palibe anamuona.

Ndiye mukudziwa, mnyamata akafuna mkazi pakamwa pamayenda pokha. Pomufunsira MaNcube, mtsikana wa Chindebele wa ku Lokeshoni komwe kuno, ndinamuuza kuti ine ndinatulukapo m'bayisikopo, wapolisi wa pa njinga. Ndinaganiza kuti akanditsutsa ndani, kanemayo ali kutsidya kwa nyanja? Anandilola. Nkhaniyo inkakula chaka ndi chaka ngati mwana. Pobadwa Tomasi ndinali nditayamba kuyendetsa njingayo osagwira, pobadwa wachitatu ndinali nditadumpha ngolo ya abulu, abulu ake ali momwemo. MaNcube ankangoti, "Hawu, SekaTomasi!" ndiye kuti bambo a Tomasi m'chinenero chawo, ine n'kumatukumuka.

Zaka ziwiri zija zinasanduka makumi awiri. Jailosi anakhala khukhi kwa azungu, Che Asani telala pakhonde la sitolo m'tauni, ine ku fakitale ya zitsulo ku Donnington. Tauni imodzi, koma tinkangoonana pa maliro, kugwirana chanza, aliyense n'kulowera kwake. Njinga ndinagula, koma china chimene ndinapeza m'zaka zonsezi ndi mimba iyi mukuionayi.

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itangotha, Mapukusa anatulukira, mutu uli mbuu, akufunsa khomo ndi khomo za anyamata ake atatu. Atatisonkhanitsa anati Loweruka masana aonetsa kanema wakale uja mu holo ya ku Lokeshoni, ndipo Lamulungu ajambula wachiwiri, wa mabwenzi atatu akumananso atakalamba. Anzanga anavina. Ine ndinayamba kusaka nzeru.

Nzeru yoyamba inali yoti mkazi wanga asakhalepo. Ndinamuuza kuti ndalota azakhali ake a ku Ntabazinduna akudwala, apite akawaone. Ine osadziwa kuti azakhaliwo afika dzulo lake ndipo ali kwa mlamu wanga mzere wachitatu kuchokera kwathu, ali gwa, akudya chimanga chootcha. M'malo mopita, MaNcube anaitana azakhali omwewo ndi amayi a mpingo benchi yathunthu kuti adzaone mwamuna wake akudumpha abulu.

Loweruka mazenera anawatchinga ndi mabulangete, makina anayamba kulira, pakhoma panaoneka Lokeshoni ya kale. Patali panatulukira kanthu ka pa njinga, kakang'ono ngati ntchentche. Munthu wanzeru akanakhala chete, si choncho? Ine ndinaimirira n'kufuula, "Ndine uyo!" Amayi a mpingo nthungululu. Njinga ija inabwera, inabwera, mpaka nkhope inadzaza khoma lonse: Jailosi, ndi mpata wa mano ake womwewo, mwini wake atakhala benchi ya kutsogolo akumwetulira ndi mpata womwewo.

Ndinakhala pansi pang'onopang'ono. "Nthawi imeneyo tonse tinkafanana," ndinanong'oneza mkazi wanga. "Inali njala."

"Yebo," anatero, maso ali pakhoma.

Kenaka inafika miyendo. Abale inu, miyendo ya matewe iwiri itatulukira mu mgolo, ikupalasa, ikupalasa, holo yonse inagwa nacho chiseko, ena kupempha kuti abwereze, Mapukusa n'kubwerezadi katatu. Azakhali aja anasuzumira pansi pa benchi, anayang'ana miyendo yanga, anayang'ana khoma, anayang'ananso miyendo yanga. Koma amene anandiopsa kwambiri ndi MaNcube. Zaka makumi awiri mkazi akundiyesa ngwazi, mawa adzandiona bwanji?

Titatuluka ndinamukokera Jailosi kuseri kwa holo n'kumuululira zonse. Anaseka mpaka kutsokomola.

"Ndiye zaka zonsezi wakhala ukudya ulemu wanga, iwe?"

"Achimwene, ndipulumutseni. Mawa wapolisi ndikhale ine, aone ndi maso kuti ndimatha."

"Tenga," anatero. "Bondo langali likana kale. Koma mu mgolo sindilowa, msana wanga si wa boma."

Mapukusa anavomera msanga. Anati njinga tiisiye, wakuba abisale kuseri kwa mgolo, wapolisi abwere chothamanga, adumphe mgolowo n'kumugwera pamsana. Anangofunsa komwe tingapeze mgolo. Apa MaNcube, amene anatitsatira mwakachetechete, anayankhula koyamba: "Tengani wathu."

Mgolo umenewu anabwera nawo kuchokera kwa amayi ake tsiku la ukwati, timasungiramo madzi kuseri kwa nyumba. Ndi wopapatiza, wadzimbiri, pansi pake panatukumukira kunja moti suima wokha, timachita kuuchirikiza ndi miyala. Ndakhala ndikunena kangati kuti tiutaye, iye osalola.

Lamulungu titaweruka ku tchalitchi, bwalo linali litadzaza. Ndinavala kabudula wa khaki wobwereka, mimba nditaimanga ndi nsalu ya mkazi wanga mkati mwa malaya moti ndinkapuma theka. Jailosi, wakuba wathu watsopano, ananjuta kuseri kwa mgolo atakumbatira buledi. Mapukusa anakweza dzanja, ine ndinauyamba. Anzanga, m'mutu mwanga ndinali mnyamata uja wochokera ku Ntcheu wapansi, ndinamva mphepo m'makutu, ndinati ndauluka. Miyendo inanyamuka ndithu, koma mimba inatsala. Nsalu ija inamasuka m'malere, mimba inagunda mlomo wa mgolo, ine ndinapidiguka n'kulowa chamutu, phi! Mdima.

Kale ndinkalowa n'kutuluka ngati mbewa. Tsopano ndinatseka mgolowo ngati chitsekerero cha botolo. Kunja ndinkamva anthu akukuwa, ndi Mapukusa akufuula m'Chilapalapa, "Mushle sterek! Futi! Futi!" kuti zakoma kwambiri, ndipalasenso. Ine sindinkasewera ayi, ndinkapalasa zenizeni.

Anaugoneka pansi mgolowo. Jailosi anagwira mwendo uwu, Che Asani uwo, anakoka. Jailosi anati bondo. Anakokanso, Che Asani anati chifuwa. Ulendo wachitatu nsapato zanga zinavuka, onse awiri anagwa chagada. Ndiye mukuganiza anachita chiyani, anzanga apamtima? Anakhala pansi n'kutsamira mgolo womwewo kuti apume kaye, ine ndili mkati.

"Takalamba, Jailosi," ndinamva mawu a Che Asani akudutsa m'chitsulo.

"Zaka ziwiri, tinatero," anayankha Jailosi. "Ukukumbuka pa Zambezi paja, uyu ali mkatiyu anandibereka ine malungo atandigwira? Tsiku lonse, osanditsitsa."

"Ndikukumbuka. Amayi anga ndinawalonjeza mpango. Ndasoka madiresi a tauni yonse ino, iwo anamwalira mpangowo osauona."

"Nanga ife tinasiyiranji kuyenderana? Tinayambana chiyani?"

"Palibe. Tinangotanganidwa."

Ine mu mdima muja, mphuno ili pa dzimbiri, maganizo anapita kwathu. Ndinakumbuka bambo anga ataima pa mphambano akundiuza kuti ndisakachedwe, ndinakumbuka kuti manda awo sindikudziwa pomwe ali, ndinalira, anzanga, kulira kwenikweni kwa munthu wamkulu. Koma kulirira mu mgolo kumamveka ngati ng'ombe yagwera m'chitsime. Anthu anabalalika, amayi a mpingo anayambitsa nyimbo ya maliro, azakhali akukuwa, "Maye! Uyafa!" kuti ndikufa.

Kenaka wina anagogoda pa chitsulo katatu, modekha, ngati mlendo pakhomo.

"SekaTomasi, mulimo?"

Ndikanapita kuti? Ndinati, "Ndilimo, mayi." Ndipo poti nkhope yake sindinkaiona, ndinalimba mtima. "MaNcube, ndinakunamizani. Wa njinga uja sindinali ine. Ine ndinali wa miyendo."

"Papasani kutsogolo kwanuko," anatero. "Potukumuka paja. Ikanipo mutu."

Ndinasendeza mutu. Unalowa bwinobwino ngati chipewa chosokedwa ndi Che Asani.

"Munapapanga ndinu pamenepo," anatero. "Mgolowu mzungu anaubwereka kwa amayi anga, ine anandituma kudzaulondera. Mutatuluka munathawa ndi manyazi, osayang'ana munthu. Wa njingayo ndinamuona, ankangosisita ndevu zomwe analibe. Koma miyendo iyi ndinaiseka mpaka kukhala pansi, ndinati mwini wake sindidzasungulumwa naye. Tsiku lomwe munabwera kudzandifunsira ndinayamba kuona miyendo, nkhope pambuyo."

"Ndiye zaka makumi awiri, osanena?"

"Ndikananena mukanasiya kufotokoza. Ndinkafuna ndimve kuti abulu aja adzafika angati."

Jailosi ndi Che Asani ankagubuduzika m'fumbi. MaNcube anatuma amayi a mpingo kukatenga sopo ndi ndowa ya madzi, anandipaka m'chiuno monse pamaso pa Lokeshoni yonse, wina anati abweretse sowo adule mgolo, iye anati, "Aikona! Dulani china, mgolo wanga ayi." Sindinafunse kuti chinacho n'chiyani. Anthu asanu ndi mmodzi anagwira mgolo, benchi yonse ya amayi inagwira miyendo, azakhali akuwerengera, ndinatuluka kuti phu, kabudula wobwereka uja n'kutsalira momwemo.

Mapukusa anajambula zonsezo chakumbuyo monga kale, osaphonya, misozi ya chiseko ikuyenderera. Pamene ndinkatuluka, filimu m'bokosi mwake inali itangotha kumene. Ndiye kuti m'makanema awiri, otalikirana zaka makumi awiri, nkhope ya Zakeyu mulibe. Kutsidya kwa nyanja akudziwa miyendo yokha.

Chiyambire tsikulo Jailosi ndi Che Asani amabwera kwathu Lamulungu lililonse masana, timakhala kuseri kwa nyumba kumwa tiyi, mgolo uli pomwepo pa miyala yake. Mapukusa pochoka, anzanga awiriwo anamuuza kuti akadzafuna kanema wachitatu atipeza. Ine ndinalumbira pamaso pa mkazi wanga kuti sindidzadumphanso kanthu, ngakhale ngalande ndidzazungulira, ndipo bodza ndasiya. Nkhaniyi tsopano ndimainena mmene inachitikira, monga mwaimveramu. Kungoti mgolowo, anzanga, unali waung'ono kwambiri kuposa kale. Zitsulo zimafota zikakalamba, funsani aliyense wa ku Donnington.