Kanyumba ka Miyendo Inayi ka Injiniya

Nditatembenuka kuti ndione ana kumbuyo, ndinangoona msewu. Msewu basi, ndi fumbi. Nyumba palibe. Ndinawagwira mkono bambo a mapasa, mawu osatuluka, iwo n'kumati ndisawasokoneze akumvetsera injini, ati ikuyenda mopepuka ngati yatsopano. Ikanalephera bwanji kupepuka, katundu yense titamusiya?

Inu, sunthirani pafupi, sindikweza mawu. Amuna angawa ntchito yawo n'kuwotcherera mageti, koma anzawo anawapatsa dzina loti Injiniya, dzinalo n'kuwalowa m'mutu. Atagula pikapu yakale ya fowilo, yokoka ndi matayala onse anayi, anati ife zogona kwa eni paulendo zatha, amanga nyumba pamwamba pake. Miyezi itatu ali gogogo pabwalo. Malata anasasula pakhola la nkhuku, bedi lathu analidula miyendo, chitseko n'cha firiji yakufa, chotsegulira kunja kokha. Windo anati galasi ladula, anangoboola kudenga. Koma chimene ankanyadira ndi miyendo inayi yachitsulo, yoti ukaitsitsa n'kupukusa, nyumba imadzuka n'kuima payokha. Nditafunsa za mabawuti oimangira ku galimoto, anati chinthu cholemera sichithawa.

Tsiku loyesa, m'nyumbamo munalowa apongozi anga, mayi awo a iwowa, ndi mapasa athu a zaka ziwiri. Ine m'galimoto ndimachita mseru, ndiye ndinakhala kutsogolo. Tisanapite patali, tayala phwa. Kwa womata matayala jeke inakana kunyamula, Injiniya m'malo modandaula n'kusekerera. Anatsitsa miyendo ija, nyumba m'mwamba, anthu n'kuunjikana. Anawafotokozera mpaka thovu kukamwa. Tayala litatha anakwera monyang'wa, kubayibitsa, ulendo. Anthu aja ankakuwa, ena kutithamangira, iwo ati, "Waona? Akundichemerera."

Tsono nditakwanitsa kunena kuti ana kulibe, anakhota mwaphuma, ife m'ngalande, matope mpaka m'zitseko. Ndinati ikani fowilo msanga. Anayang'ana kumbali. Ndinabwereza. Ndiye motsitsa anati chitsulo cha fowilocho anachotsa, ndi chimene anapangira miyendo. Fisi akagwa m'mbuna sayankhula.

Ndinavula nsapato n'kuliyatsa liwiro. M'mutu muli zambiri, dzuwa ili pamalata aja, ana anga aphikika, nanga mbuzi ikadzikanda pamwendo umodzi? Ndinagwa kawiri, chala ichi mukuchiona.

Kufika, nyumba ili chiimire. Womata matayala wakhala pansi pake pamthunzi, machubu wapachika pamwendo wa nyumbayo, bambo wina akuizungulira akufunsa ngati ikugulitsidwa, ati ingakhale okala yabwino. Ndinafuna kukwera kuti nditsegule, womatayo anandigwira, ati mayi mukalemeretsa mbali imodzi yonseyi ibwera pansi. Ndinangoika khutu pamalata. Wailesi ya apongozi ikuimba. Koma ana, ngakhale kutsokomola. Inu, ndinapemphera mapemphero oti sindinaphunzirepo.

Patapita nthawi Injiniya anatulukira atakokedwa ndi thirakitala, matope mpaka m'makutu. Anabweza galimoto pang'onopang'ono kulowa pansi pa nyumba, n'kupukusa miyendo. Itangokhala, ndinatsomphola chitseko chija.

Mapasa ali m'tulo, wina mwendo pakamwa pa mnzake. Apongozi atsamira pilo wanga, akudzipepesa ndi chivundikiro cha poto.

"Tafika?" anatero. "Amake mapasa, mwamuna wakoyu uzimuyamika. Ulendo wonsewu, ngakhale bampu imodzi sindinaimve. Bambo ake akanakhala moyo akanalira."

Injiniya anatsegula pakamwa kuti alandire ulemuwo. Ndinawaponda phazi.

Apongozi anafunsa kuti nanga nsapato zanga zili kuti, ndinati kutsogolo kukutentha. Ndinakwera momwemo, mseru ndi mseru womwewo, ndinauza Injiniya kuti atseke. Chitseko chitati khwa, ndinayamba kuwerenga ndi chala: mwana mmodzi, awiri, apongozi atatu, ine wachinayi. Ndinabwerezanso, anayi ndithu. Akatisiyanso, atisiye tonse.