Mafuta a Ndege pa Ukwati wa Mlamu Wanga

Lolemba

Galimoto ikugogodabe. Ndikangoponda moto pachitunda cha ku Soche, injini ngo ngo ngo! Loweruka likubwerali ndi ukwati wa Tadala, mng'ono wa akazi anga, ndipo wonyamula mkwatibwi ndine. Kukomiti ya ukwati amalume awo ankati tibwereke galimoto ina. Ine kuimirira pamaso pa onse: "Yangayi ndi ya injini yamphamvu, ya tebo, musavutike." Pakamwa pangapa padzandiphetsa.

Lachiwiri

Kuofesi a Jumbe akuti vuto ndi laling'ono. Akuti tebo imafuna petulo wamphamvu, wa pafiling'i siteshoniyu ndi wopepuka. "Kungothirako pang'ono mafuta a ndege, kugogoda konse kumatha." Akudziwa munthu amene akudziwa munthu. Zofunika: chigubu, fanulo, ndi kusawauza akazi anga, mayi a Chisomo.

Lachitatu

Chigubu ndachilandirira kuseri kwa msika wa Limbe. Wogulitsa akulankhula monong'ona: "Bwana, awa ndi a ndege yaikulu, ya jeti, osati tindege ta anthu anayi." Mtima wanga mbee! Ndege ikakula ndiye kuti mphamvunso ndi zambiri, si choncho? A Jumbe anati pang'ono, koma pang'ono ndi za anthu amantha. Ndathira theka la chigubu.

Lachinayi

Galimoto kulira mochita kunyengerera. Utsi woyera bwalo lonse. Mayi a Chisomo pazenera: "Kukununkha palafini, wagwetsa nyali ndani?" Ndawauza kuti zamakono zimanunkha choncho.

Pa Chichiri minibasi yodzaza anthu ndi matumba a makala yandipitirira. Ine, wa tebo! Kondakitala mutu pawindo: "Madala, mukuotcha zinyalala?" Kugogoda kwawonjezeka. Mwina ikuzolowera. Ndathiranso.

Lachisanu

Apongozi afika kuchokera ku Nsanje, aisisita galimoto n'kuidalitsa. Atsikana akumanga maliboni.

Ndawaimbira a Jumbe ndili kuseri kwa bafa. "Kodi mafutawo anali a buluu?" Ndati ayi, oyera ngati madzi. Iwo kufuula: "Aaa, achimwene! Ine ndimanena petulo wa tindege tating'ono tija. A jetiwo ndi palafini."

Palafini! Onse awiri dzina ndi limodzi, mafuta a ndege, ine ndikanadziwa bwanji?

Makaniko ali kumaliro ku Thyolo. Ndayesa kupopa ndi paipi, paipi sikufika pansi pa thanki, chomwe ndapeza ndi fungo m'kamwa. Ndadzazamo petulo kuti asungunuke. Amalume afunsanso: "Bambo a Chisomo, zonse zili bwino? Galimoto yobwereka ija ikadalipo." Mpata unali pamenepo. Ndati zonse zili bwino. Ndikuopa.

Loweruka

Tanyamuka ku Chimwankhunda, ine kutsogolo, mdipiti pambuyo. Tadala kumbuyo ndi velo yake. Ndikupemphera chamumtima, thukuta kamukamu.

Pachitunda chija: ngo, ngo, phuu! Basi. Utsi mpaka m'kati. Akumbuyo akuyesa ndaima dala, mahutala ali pakati, amayi nthungululu. Ndikupotokola kiyi, palibe. Tadala akutsokomola, misozi ikutsika ndi zodzola zomwe. "Alamu, chonde." Bola akanandinyoza.

Galimoto zina zonse zodzaza. Amalume aimitsa minibasi, atsitsa anthu, mkwatibwi wakwera kutsogolo, kondakitala atanyamula mchira wa diresi. Ine ndatsala ndi anyamata operekeza, tikukankha tili m'masuti. Pofika kutchalitchi ukwati adalitsa kale. Apongozi angondiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato.

Lamulungu

Galimoto ili panja, yabwera chokokedwa, maliboni akadali pomwepo. Makaniko pafoni akuti ndikhale kaye pansi asanandiuze mtengo. Kutchalitchi aliyense: "Mwadzuka bwanji a Payiloti?" Ngakhale amkulu a mpingo. Dzinali silichoka, ndikudziwa.

Tadala sakuyankha foni. Akuti diresi yobwereka ija ikununkhabe.

Mayi a Chisomo sanakalipe. Angotenga chigubu chija, adonthezera pamakala, machesi kamodzi, mbaula lawilawi. "Koma mafuta okhawa," akutero osandiyang'ana, "mwagula abwino."