Bondo la a Yesaya

Lolemba

Loweruka likudzali tikukokana chingwe ndi amuna a ku Sinda pa bwalo la mishoni. Opambana atenga thumba la mchere. Ine zamcherezo sizikundikhudza. Chino ndi chaka chachisanu ndili pa chikamwini, m'mawa kuphunzitsa ana, masana kulima munda wa eni ake. Ndikufuna chitengwa, nditenge Esnati wanga tikakhale kwathu ku Vubwi.

Wovomereza ndi malume ake, a Yesaya. Ndiwonso chitsa chathu, munthu wa kumchira amene amadzimanga chingwe m'chiuno. Chibwerereni ku utengatenga wa nkhondo ya Ajeremani palibe anawasunthapo. Tikapambana, mtima wawo uli m'malo, ndikagwada n'kupempha.

Maina asanu ndi atatu ndalemba pa sileti. Ndabweretsanso nzeru yanga: mawa tiyeserera pokoka mtengo wa msuku.

Lachiwiri

Msuku uli chilili. Chingwe ndiye chaduka. Amuna asanu ndi awiri agwera munthu mmodzi, ndipo bondo la a Yesaya latupa ngati dzungu.

“Si kanthu, aphunzitsi,” akutero, uku akuyendera munsi wa akazi awo.

Esnati akufunsa kuti nzeru yokoka mtengo inali ya yani. Ndikuti ya gulu. Wangondiyang'ana, madzi osamba sananditenthetsere.

Lachitatu

Ndafufuta sileti. Kumchira ndaika Gidiyoni, pakuti pa kunenepa ndiye wachiwiri. Zotsatira zake:

Chingwe chikangomukhudza m'nthiti akugwa ndi phwete, ati chikumugirigisha.

Pamene anali Gidiyoni pasiya mpata, ndiye Filimoni wapezeka kutsogolo kwenikweni kwa apongozi ake, a Lazaro. Wakana. “Tikagwa chagada ndikakhalire apongozi? Bola mundiphe.”

Ndawasinthanitsa. Tsopano Filimoni sakufuna kuyang'ana msana wa apongozi, akukoka nkhope ili kumbali, ndipo akukokera gulu lonse ku mpanda wa mbuzi.

Kani zaka zonsezi a Yesaya ankadziwa woima pafupi ndi yani, popanda sileti. Ine ndinkangolemba zomwe iwo aika kale.

Lachinayi

Kumchira lero kuli a Lazaro, kutali ndi mkamwini wawo. Vuto lina labuka: nyimbo. Tinkakokera pa nyimbo ya amtengatenga imene a Yesaya ankatsogolera. A Lazaro ndi mkulu wa mpingo, ati mawu ake ngosayenera m'kamwa mwa munthu wobatizidwa. Zaka zonsezi ankavomera nawo, koma kuyambitsa ayi.

Tayesa ya m'buku la nyimbo. Njokoma, koma tikamafika pokoka ena ali pa ndime yoyamba, ena afika kale pa ameni.

Amayi ochokera kosinja ati atiyese. Asanu ndi atatu, Esnati kumchira. Atikoka kawiri. Kachitatu ndaletsa, ndati dzuwa lapita, chonsecho linali pamutu.

A Yesaya amaonera ali pakhonde, mwendo uli pa mtondo. Sanaseke. Zandimvetsa chisoni kuposa akadaseka.

Lachisanu

A Lazaro ati kumchira sabwererako, chiuno chagwira. Gidiyoni akuseka ndikangonyamula chingwe. Filimoni sangaime kulikonse komwe angaone msana wa apongozi. Ndawerenga katatu: okoka alipo asanu ndi awiri, ndipo malo otsala ndi amodzi okha, a kumchira.

Ndalemba dzina langa. Ine, munthu amene Esnati amati ndikavala malaya oyera ndimaoneka ngati choko!

Ndapita kwa a Yesaya kukapempha malangizo. Andipatsa kachikopa ka mbuzi kamene amaika m'chiuno kuti chingwe chisawacheke. Kandizungulira kawiri.

“Zidendene pansi, maso kumwamba, chingwe osasiya,” atero. Kenaka, akuyang'ana bondo lawo: “Kapena mupambana ndithu. Gulu silisowa munthu mmodzi.”

Mawuwo anena ngati akulengeza maliro. Mpaka pano sindikudziwa chomwe ndizipempherera.

Loweruka

Ndilemba mwachidule, ndikulemba chiimire.

A ku Sinda abwera ndi chitsa chawo, munthu wa khosi ngati ng'ombe. Mzungu wa pamishoni wagwetsa mpango, chizindikiro choti tiyambe. Zidendene ndinaika pansi. Maso ndinakweza kumwamba. Zotsalazo ndazimva kwa anthu.

Ati anzanga onse anasiya chingwe pofika pa mzere. Ine sindinasiye. Ndikanasiya bwanji, chili chomanga m'chiuno? A ku Sinda, posamva kulemera kulikonse, anapitirira nane mpaka ku chitsime.

Zowonongeka: kabudula mmodzi, khungu lina la kumbuyo, ulemu wa mphunzitsi pamaso pa ana a sukulu onse.

A Yesaya tinawanyamula pa machila kuti adzaonere. Anaseka mpaka misozi. Anthu a ku Sinda anabwera mmodzimmodzi kudzawagwira dzanja, ati mchere wa chaka chino ngwosakoma poti chitsa chenicheni kunalibe.

Lamulungu

Ku tchalitchi ndakhalira mbali imodzi. Titatuluka a Yesaya andiitanitsa.

“Ndinene zoona, aphunzitsi. Sabata yonseyi chimandiwawa sichinali bondo. Ndimaopa kuti mupambana ine kulibe.”

Nkhope yawo inali yowala, ndiye ndinati mpata ndi womwewu. Ndagwada movutikira, ndatchula za chitengwa.

“Ku Vubwi?” atero. “Munthu wokokedwa mpaka ku chitsime osasiya chingwe, ndikam'patse anthu a ku Vubwi? Bondo ili latha, ndikulidziwa ndine. Chitsa chimaphunzitsidwa zaka zitatu, ndipo ndikuphunzitsani ndekha, ndi nyimbo yomwe.”

Ndimafuna kufotokoza kuti chingwecho chinali chomanga m'chiuno. Anali atayamba kale kuuza Esnati kuti azindiwonjezera chakudya. Chikhalireni m'mudzi muno, aka n'koyamba munthu kundikaniza chinthu chifukwa chondifuna.

Kachikopa ndafuna kubweza, akana. Esnati akukabowola pena kuti kandikwane.