Ulendo Wochoka pa Njerwa

Lolemba

Madamu Nyirenda alengeza: Lachisanu kuli mayeso a Masamu, Chingerezi ndi Chichewa. Lamulo ndi lakale lomwe lija. Okhoza kwambiri pa madesiki kutsogolo, apakati pa mabenchi, otsala pa njerwa kumbuyo. Mu Fomu 3B tachuluka moti kuitana mayina kokha kumadya theka la phunziro loyamba. Madesiki angakwane bwanji?

Ine chibwerereni kuchokera ku Lilongwe, bambo atasamutsidwira ku ofesi ya pa boma pano, ndili pa njerwa. Pafupi ndi windo lopanda galasi. Mphepo ya ku Nyika imayamba yapereka moni kwa ine isanapite kwa ena.

Koma kumbuyo kuli ndi ubwino wake: umaona mitu yonse. Kalasi ino ndaifufuza bwinobwino.

A kunyanja, a ku Chitimba: Masamu. Mwina ndi usipa.
Ana a manesi ndi aphunzitsi a ku mishoni: Chingerezi. Ngakhale kuyetsemula amayetsemula m'Chingerezi.
A ku Henga: amafika ndi fumbi la njinga mpaka m'nsidze, ndipo onse ndi pachibale.
Ife obwera: ochepa, aliyense payekha.

Tsono onsewa, kupatula ife, Chichewa amachiopa ngati njoka. Kwawo ndi Chitumbuka. Ine Chichewa ndinachita kuyamwa.

Pulani: gulu lowerengera limodzi. Iwo andipatsa Masamu ndi Chingerezi, ine ndiwapatsa Chichewa. Lolemba likubwerali ndili pa desiki. Mutu uwu!

Lachiwiri

Ndasankha anthu.

Wongani wa ku Chitimba, katswiri wa Masamu. Wavomera ndisanamalize. "Iwe Mchewa, ukandipulumutsa pa Chichewa, usipa ndi wako."

Tiwonge, mwana wa mkulu wa mpingo, mwini Chingerezi. Wandiyang'ana kuyambira ku nsapato mpaka kumutu. "Tiziyamba ndi pemphero." Chabwino.

Suzgo wa ku Henga. Chomwe amakhoza sindikuchidziwa, koma amabwera ndi mbatata yophika.

Malo: pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa labu, tikaweruka. Anthu anayi basi. Gulu laling'ono, nzeru zambiri.

Lero ndalankhula ndi anthu atatu tsiku limodzi. Pasukulu pano sizinandichitikirepo.

Amayi akufunsa ngati ndawerenga buku la nkhani lija la pa mayeso a Chichewa. Ndawauza kuti Chichewa ndinaphunzira kwa iwo, ndiye akamandikayikira akudzikayikira okha. Andiponyera chikolopa.

Lachitatu

Suzgo wabwera ndi anthu. "Ndi abale anga awa, ndiwasiye bwanji?" Abale aja nawonso ali ndi abale. Mthunzi wa mango watha, ena ali padzuwa. Mbatata sinakwane. Ine, mtsogoleri, ndalandira kamchira.

Masamu. Wongani akulemba pansi ndi kamtengo. Mzere woyamba m'Chingerezi. Wachiwiri m'Chichewa, chifukwa cha ine. Kuyambira wachitatu mpaka kumapeto, Chitumbuka chokhachokha, chothamanga ngati minibasi yotsika phiri. Onse akugwedeza mitu. Ena mpaka kuseka. M'Masamu muli zoseketsa?

Akamaliza samu iliyonse akutembenukira kwa ine: "Wapulika?" Ndiye kuti, wamva?

Chitumbuka changa chonse ndi ichi: yewo, chomene, enya. Ndasankha enya, eya wa kuno. Mtsogoleri sanganene kuti sanamve pamaso pa Henga yense.

Zomwe ndatolapo lero: x alipo. y nayenso alipo. Akufunana.

Palibe vuto. Masamu ndingopeza pang'ono, Chichewa chindibereka kumbuyo mpaka pa desiki.

Lachinayi

Tsiku langa!

Koyamba Chingerezi. Tiwonge wayamba ndi pemphero. Wapempherera ife, Madamu, odwala, apaulendo, a m'ndende, fodya wa a ku Henga. Pofika pa ameni, nthawi yake yatha. Koma pempherolo linali la m'Chingerezi, ndiye tingoti taphunzira.

Kenako ine. Buku sindinaliwerenge, koma chikuto ndachiona bwino: mwamuna wanyamula chikwama, mkazi akulira pakhomo. Nkhani zoterezi ndimazidziwa. Ndaimirira. Ndafotokoza kuti mwamunayo akupita ku Joni, kumeneko aiwala mkazi ndi ana, abwerako wodwala, amwalira pa ngolo asanafike ku chipatala. Phunziro lake: tisaiwale kwathu. Ndagwiritsa ntchito manja, mawu ndawatsitsa pofika pa maliro.

Ngakhale abale a Suzgo asiya kutafuna.

Tiwonge: "Buku lake ndi lomweli?"

Ndamuuza kuti pali kumva kwapamwamba ndi kumva kozama. Kozamako kumafuna mwini chilankhulo.

Wongani watsokomola nthawi yaitali, nkhope atabisa m'malaya. Fumbi, mwina.

Kenako onse atulutsa mabuku awo. Masamba akuda ndi mizere ya pensulo, ena othothoka. Ayamba kukambirana m'Chitumbuka, mwaphuma, akulozerana. Akutsimikiza mfundo zanga. Ndawasiya. Mphunzitsi wabwino samutafunira wophunzira zonse.

Ndasankhiratu desiki: yachiwiri kuchokera kukhomo. Ili ndi kabati.

Lachisanu

Masamu: x ndamuzindikira. Tangopatsana moni.

Chingerezi: bolako.

Chichewa: mafunso onse akunena za mlandu wa munda. Munda uti? Ndayankha za ku Joni. Wochonga wanzeru aona kuzama.

Tsoka lake, mapepala a khamu lotere Madamu sachonga okha. Timasinthana, iwo n'kumawerenga mayankho mokweza. Langa lagwera Tiwonge.

Mayankho akubwera. Mwamuna uja sanapite ku Joni n'komwe. Chikwama ndi cha apongozi ake. Mkazi akulira chifukwa cha munda. Palibe womwalira. Buku lonse, ngakhale nkhuku!

Ndanong'ona: "Chemwali, chifundo."

"Chifundo ukapemphe Lamulungu. Ine andipatsa bolopeni yofiira."

Mtanda, mtanda, mtanda. Pepala langa ngati kumanda.

Madamu akuwerenga malo atsopano. Tiwonge, desiki. Wongani, desiki, ndipo pa Chichewa waposa kalasi yonse. Wa ku Chitimba! Suzgo, benchi, koyamba m'moyo wake. Abale ake ena nawonso benchi. Henga yense akuomba m'manja.

Dzina langa lili kutali. Madamu avula magalasi. "Iwe wa ku Lilongwe, Chichewa chinakulakwira chiyani?"

Kalasi yaseka m'zilankhulo ziwiri.

Njerwa.

Loweruka

Ndaunikanso zonse modekha. Pulani sinalakwike. Gulu lakwera lonse. Pagwa munthu mmodzi yekha, ndipo zotere zimachitika.

Masana, odi pakhomo. Wongani, ndi jumbo ya usipa. "Watithandiza chomene, Mchewa. Titakumva iwe tinaopa kuti tasokoneza, ndiye tinakaliwerenganso buku lonse kuyambira tsamba loyamba."

Ndalandira ndi manja awiri. Ntchito ndi ntchito.

Amayi akumufunsa: "Nanga mnzakoyu wakhoza bwanji?" Wongani wayamba kuyamikira malata a nyumba yathu.

Potuluka akuti gulu lipitirira Lolemba. Masamu azifotokoza pang'onopang'ono, ndipo ndikadzanenanso enya ndisanamve, ndidzagula mbatata ya Henga yense. Chichewa azindiphunzitsa Tiwonge.

Tiwonge. Chichewa. Ine.

Ndati ndiganize kaye. Wati Tiwonge waganiza kale.

Madzulo bambo afunsa za mayeso. Ndati malo anga sanasinthe. "Bola sunabwerere m'mbuyo," atero.

Kumbuyo kwanga kuli khoma, bambo.

Lamulungu

Ku tchalitchi ndakhala pa benchi. Ndakhalitsa, mpaka osesa andipempha kuti ndinyamule miyendo.

Buku ndalitsegula. Mawu ena sindinawamvepo chibadwire. Ndafunsa amayi liwu limodzi, nawonso akuti akafunsa azakhali ku Dedza.

Mayeso ena ali mwezi wamawa. Pa desiki yachiwiri kuchokera kukhomo pazikhala Wongani. Akuti ndikhoza kumasunga chikwama changa m'kabati yake. Ndavomera. Chikwama chiyambe chapita kutsogolo, mwini wake atsatira.

Ndapinda thumba lakale la feteleza kanayi, loyala pokhala. Mawa ndilawirira. Kumbuyo kwabwera anthu atsopano amene agwa kuchokera pa mabenchi, ndipo njerwa zosalala nazonso n'zochepa.